Mapazi a Thirakitala Oloza Kumbuyo

Ku Tembwe mwana amayamba kuwerenga pansi asanayambe kuwerenga buku. Ine ndinafika kumeneko ndili mu giredi sikisi, buku ndikulidziwa koma pansi ndili mbuli. Atate anawasamutsa kuchokera ku Kabwe kuti akayang'anire kachipatala ka kumeneko. Sanali dokotala weniweni, koma anthu onse ankawatcha a Dokotala, ndipo iwo anatopa nako kukana.

Mnzanga anali mmodzi yekha, mwana wa mkulu wa alonda a nyama zakutchire. Atate akewo anthu ankangowatcha a Gemu. Mnzangayu ndiye anandiphunzitsa pansi. Popita kusukulu ankaima n'kuloza ndi chala chakuphazi.

"Apa papita njinga ya ahedi, anyamula thumba. Waona momwe tayala lakumbuyo lalowera?"

Ine ndinkangogwedeza mutu. Sindinali mwana wolankhula, ndipo Chisenga, chilankhulo cha kumeneko, chinkandithawa pakamwa. Madzulo ndinkalemba zimene wandionetsa m'kabuku kanga, kamene ndinkalembamo za tsiku lililonse. Ndinkajambulamo phazi la fisi, la nyani, la mayi wobereka mwana kumbuyo. Zina zimene ndikukumbuka pano ndazipeza m'menemo.

Chipatala chinali ndi thirakitala yaing'ono yofiira, msinkhu wake wolekeza pachifuwa cha Atate, ndi ngolo yake ya matabwa. Ambulansi inafa ife tisanabwere. Inali kuseri kwa chipatala, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala. Thirakitalayo ndiyo inkatuta nkhuni ndi migolo ya madzi, ndipo pena inkatenga odwala kumidzi imene kunali msewu. Koma midzi ya kumunsi, cha ku Luangwa, kufupi ndi malo a nyama, inalibe msewu. M'chilimwe msewu wawo unali mtsinje womwewo, mchenga woyera wofewa ngati ufa. M'menemo thirakitala sinkayenda. Matayala akumbuyo ankakumba, nkhope n'kuyang'ana kumwamba, mimba n'kukhala pamchenga. Tsiku lina ndinaipeza itatero pafupi ndi zitsime zimene azimayi amakumba mumtsinje. Azimayiwo ankaseka kuti a Dokotala awakumbira chitsime chaulere. Atate sanaseke.

Nyengo yotentha itayamba, anaikokera pansi pa mtengo wa bwemba pakati pa nyumba yathu ndi chipatala, nayamba kuisintha. Agogo, atate awo, anali makaniki kunjanji, ndipo Atate anakulira m'masipanala. Ankagwira masana akamaliza odwala, osaitana munthu, osafotokozera munthu.

Anayamba ndi kuichotsa kulemera. Anamasula zitsulo zimene zinapachikidwa kumphuno kwake. Kenako anatsegula mavavu a matayala akumbuyo, ndipo m'malo mwa mpweya munatuluka madzi a dzimbiri onunkha. Sindinkadziwa kuti m'matayala a thirakitala amathiramo madzi. Ana a pamudzi anathawa, ena akuti ikukodza. Atapopanso anangoikamo mpweya wochepa, tayala n'kukhala lophwa ngati phazi la njovu. Timatayala takutsogolo, toonda tija todula mchenga ngati mpeni, anatichotsa n'kuikapo matayala aakulu a ambulansi yakufa ija, osalala ngati chipande. Anavutika nawo kwambiri, chifukwa mabowo a mabawuti sankagwirizana, ndipo anachita kupita nawo ku boma pa lole ya thonje kukawaboolesa. Ngolo nayo anaichotsa matabwa a m'mbali, naimangirira mphasa ziwiri zabango zoyala pansi pa matayala ikatitimira.

Chomaliza ndicho chinabweretsa mavuto. Anakweza thirakitala pa jeke, namasula tayala lililonse lakumbuyo, nalitembenuza mkati kunja. Miyendo inatalikirana, ndipo mano a matayala, amene amakhala ngati mivi yoloza kutsogolo, tsopano analoza kumbuyo.

Amayi anatuluka ndi lichero m'manja, naima kanthawi akuyang'ana.

"Atate ake mwana, mwaivalika nsapato mobwerera."

"Ndi dala. Mano akaloza kutsogolo amakankhira mchenga kumbali, ndiye imadzikumbira manda. Akaloza kumbuyo amausonkhanitsa pansi pa tayala. Iyandama."

"Nanga anthu mwawauza?"

"Ndiwauze chiyani? Thirakitala ndi ya chipatala. Kodi ndikasintha singano ndimaitanitsa msonkhano?"

Amayi anapitiriza kupeta mpunga wawo.

Mawa lake Atate anaiyesa mumtsinje. Inayenda. Inadutsa pa zitsime paja mopepuka, ikusiya mapazi osaya, n'kukhota kuseri kwa mabango. Ndinali wonyada kwambiri moti ndinajambula thirakitalayo tsamba lonse.

Kunyada kwanga kunatha m'mawa wotsatira panjira ya kusukulu. Podutsa mtsinje mnzanga uja anaima, nagwada, nayang'ana mapazi a thirakitala nthawi yaitali.

"Thirakitala yanu ikunama," anatero.

Ndinamuyang'ana.

"Ona. Dzulo ndinaiona ndi maso ikutsika apa. Koma mapazi akuti ikukwera. Manje munthu amene sanaione aziti chiyani?" Anaimirira n'kusasa mchenga m'maondo. "Ukudziwa amene amachita zimenezi? Opha njati. Amasoka nsapato za matayala mobwerera, kuti atate akamawatsata azipita kumene achokera."

"Atate anati n'chifukwa cha mchenga."

"Ehe. Nawonso amati n'chifukwa cha minga."

Sananene mwachipongwe. Ananena ngati mmene ankanenera za njinga ya ahedi. Tsiku limenelo sindinamve kalikonse m'kalasi.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuwayang'ana Atate ndi diso lina. Sindinkafuna, koma diso linkapita lokha. Ndinaona kuti sakonda kuyenda ndi munthu pathirakitala. Ndinaona kuti anayala pulasitiki yakuda pangolo. Ndinakumbukira kuti ku Kabwe ankakonda nyama, ndipo kuno ankadya chibwabwa ndi nsomba zouma akudandaula chamumtima. Chilichonse chinali ndi yankho lake labwino, ndipo ndinkadziyankha ndekha pogona, koma kukacha funso linkakhala lili pomwepo.

Lamlungu lina ndinadzuka ndi phokoso la thirakitala ikutsikira kumtsinje.

"Atate apita kuti?"

"Kuntchito," Amayi anatero. "Samba, tichedwa."

Tchalitchi chinali kumtunda, kutali ndi mtsinje, ndipo pafupifupi mudzi wonse unali kumeneko. Kunatentha kwambiri tsikulo. Ulaliki uli pakati ndinayamba kutuluka kamfuno, ndipo Amayi anandinong'oneza kuti ndipite kunyumba ndikagone pamthunzi. Iwo anatsala chifukwa anali a kwaya.

Ndinapeza thirakitala yabwera. Sinali pansi pa bwemba. Inali kuseri kwa chipatala, pambali pa ambulansi yakufa ija, pamene sioneka kuchokera kunjira. Atate anali atavula malaya, akukwecha ngolo ndi phulusa ndi burashi. Pulasitiki yakuda ija inali pansi atapindira mkati. Madzi amene ankatsika m'mipata ya matabwa anali ofiira, ndipo sanali ochepa. Ntchentche zinali zitayamba kale kusonkhana.

Anatukula mutu nandiona nditagwira nsanza pamphuno.

"Pita kunyumba."

"Atate, ndatuluka kamfuno."

"Ndati pita kunyumba. Weramitsa mutu, tsina apa. Usabwere kuno."

Atate sankandikalipira. Mawu amenewo anandipweteka kuposa mphuno. Ndinakagona pamphasa ndikumva burashi ikukwecha, ikukwecha, mpaka anthu anayamba kutsika kutchalitchi.

M'mawa mwake tinapeza nkhuku yaikazi yamawangamawanga itamangidwa ndi luzi pamtengo wa khitchini yathu. Palibe anaiona ikubwera. Amayi anaimasula, naipatsa madzi m'chigoba, osafunsa kanthu. Ine ndinafunsa.

"Yachokera kuti?"

"Kwa anthu."

"Anthu ati?"

"Iwe, nkhuku ili ndi mapazi, ifunse yokha."

Ndinali nditamva kusukulu kuti opha nyama akamabwereka mfuti kapena njinga amabweza ndi mphatso, kuti mwini chinthu atseke pakamwa. Ndinayang'ana nkhukuyo ikumwa madzi, ikutukula mlomo kumwamba, ndipo ndinaida. Kenako ndinaimvera chisoni, chifukwa mwendo wake unali utatupa ndi luzi.

Lolemba lomwelo anyamata awiri a ku kampu ya agemu anatsikira kumtsinje. Tinawaona popita kusukulu atawerama pamchenga. Mnzanga sanaime nane. Koma popuma anandikokera kuseri kwa kalasi.

"Ukudziwa zimene apeza? Mapazi ali pawiri, ena osaya, ena ozama. Ozama, a ngolo yolemera, akuloza kumunsi. Osaya akuloza kuchipatala. Ndiye munthu wopusa aziti atate ako anapita ndi katundu n'kubwera opanda kanthu. Koma matayala ndi otembenuza. Ndiye kuti anapita opanda kanthu n'kubwera ndi katundu. Kuchokera ku malo a nyama. Anthu onse ali kutchalitchi." Anandiyang'ana m'maso. "Ndipo kuseri kwa chipatala kuli ntchentche."

Ndinayang'ana pansi, iye n'kupitiriza.

"Galimoto ya ku boma ibwera kumapeto kwa sabata ndi ufa wa kukampu. Atate anga akanena, atate ako akwera yomweyo. Ndangokuuza, usati sindinakuuze."

Ndinkadziwa tanthauzo la kukwera galimoto imeneyo. Ndinaonapo munthu wina atakwezedwa, manja ali kumbuyo, mkazi wake akuthamangira fumbi. Kwa wantchito wa boma kunali kutha kwa ntchito, nyumba ndi dzina.

Nkhani inayenda mudzi wonse. Kuchitsime azimayi ankasiya kulankhula Chinyanja ndikafika, n'kulowa m'Chisenga chothamanga. Bambo wina wogulitsa mchere anafunsa Amayi, akumwetulira, ngati kwathu kwatsala kachidutswa. Aphunzitsi ena, anzawo a Atate, amene ankabwera madzulo kudzamvera mpira pawailesi, sanabwere. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti azimayi ena achikulire sankalowa nawo m'nkhaniyo. Ankangotunga madzi n'kumapita. Ndinkaganiza kuti akutinyansidwa kwambiri moti sakufuna n'kutitchula komwe.

A Gemu anabwera okha kunyumba dzuwa litapendeka. Anali munthu wamfupi, woyenda mosapanga phokoso, wolankhula ngati sakufuna kudzutsa mwana. Amayi anawapatsa mpando pakhonde. Ine ndinali pambali pa nyumba ndikusankha mpunga. Mwana wachete amaiwalika ngati mtondo, ndipo palibe anandithamangitsa.

Analonjerana nthawi yaitali, za kutentha, za njovu zimene zinalowa m'dimba la wina ku Chikwa. Kenako a Gemu anati, "A Dokotala, Lamlungu munayenda."

"Ndinayenda."

"Kumunsi."

"Kumunsi."

"Munabwera ndi katundu wolemera."

"Ndinali pantchito ya chipatala."

"Ndiye ndi zosavuta. Mungondiuza kuti munanyamula uje wa mudzi wakuti, ine ndikamuone, basi nkhani yatha."

"Sindingakuuzeni."

A Gemu anakanda chibwano. "Mwana wanga wamng'ono munamuchiritsa malungo chaka chatha. Sindinabwere ndi mtima woipa. Koma anyamata anga aona pansi, ndipo pakamwa pawo si panga. Galimoto ikabwera ine n'kukhala chete, iwo anena, ndiye tikwera tonse awiri."

"Chitani ntchito yanu, akulu. Ine yanga ndachita."

"Nanga matayala munatembenuziranji?"

"Mchenga."

"Mchenga," anabwereza a Gemu, ngati akulawa mawuwo. Anatsanzika mwaulemu.

Atachoka, Amayi analankhula motsitsa, koma ndinamva.

"Mungowanong'oneza iwo okha. Ndi munthu wamkulu."

"Ndinalonjeza."

"Ndiye mukwere galimoto chifukwa cha lonjezo?"

"Ndikanena lero, mawa ndani adzatumize uthenga kuno? Azingofera m'nyumba."

Mawu amenewo ndinawalemba m'kabuku, koma sindinawamvetse. Ndinaganiza kuti mwina akunena za opha nyama ovulazidwa ndi njati, amene amaopa chipatala. Ndinaganizanso kuti mwina akudziwa kuti ndikumva, ndiye akunena zoti ndimve. Kukayikira kukalowa mumtima sikusankha chakudya. Ngakhale Amayi ndinayamba kuwaona ngati akudziwa mbali yawo. Madzulo amenewo Atate anandifunsa za mphuno yanga, nandigwira pachipumi ndi dzanja lawo lofunda lonunkha sopo wa chipatala, ndipo ine ndinazemba pang'ono. Anazindikira. Anabweza dzanja.

M'mawa mwake ndinapita ndekha kusukulu. Pamtsinje ndinapeza a Gemu atakhala pachitsa akumanga zingwe za jombo, botolo la madzi lili pambali.

"Amama, mwauka?"

Ndinagwada pang'ono n'kuyankha, maso ali pansi.

"Mwana wanga amati umawerenga pansi tsopano. Akuti umajambula." Anamwetulira. "Ndikufunse chimodzi. Usaope, ukhoza kukana. Matayala aja atate ako anawatembenuza nthawi yanji?"

Ndinali nditakonzeka kufunsidwa za magazi, ndipo usiku wonse ndinkasinkhasinkha chimene ndidzachite, popeza kunama sindinkatha ndipo kunena sindinkafuna. Funso ili linandipeza ndilibe chitseko.

"Masana," ndinatero. "Pansi pa bwemba. Ana onse ankaonerera. Ahedi anadutsa n'kuwapatsa moni."

"Masana," anatero. Anamaliza kumanga jombo. "Amene ndimawadziwa ine amasokera nsapato zawo m'nyumba, chitseko chotseka." Ananyamula botolo natsikira mumchenga, nayamba kutsata mapazi a thirakitala kulowera kumunsi, okha, opanda mfuti.

Sindinadziwe ngati ndawathandiza Atate kapena ndawapereka. Tsiku lonse ndinkayang'ana pawindo.

Anabwera dzuwa likulowa, jombo zoyera ndi fumbi, khosi lodzaza zilonda za kashembe. Anakhala pampando womwe uja. Amayi anawapatsa madzi, ndipo anamwa kapu yonse asanalankhule. Ine ndinali pamalo panga pa dzulo, ndi lichero lopanda kanthu m'manja.

"Ndafika pamene ngolo inaima," anatero. "Pansi pa mlaza paja, pamene njira imakwera kumudzi."

A Gemu anapitiriza.

"Palibe nsapato. Palibe pokhwekhwereza nyama, palibe ubweya, palibe phulusa la powamba. Pali mapazi a azimayi okhaokha, opanda nsapato, zidendene zolowa kwambiri, oyenda mopanikizana ngati agwira mphasa m'makona. Wina wokalamba, wokoka mwendo wamanzere, ankayenda pambali." Anaika kapu pansi. "Ndinakwera pang'ono. Pali kanjira kena katsopano kopatukira kutchire, nakonso ka azimayi okhaokha, ndi khasu limodzi. Kumeneko ife amuna sitipondako. Ndinabwerera pomwepo. Kumudzi sindinalowe, ndipo sindinafunse munthu."

Nkhuku yamawanga ija inkapalasa pafupi ndi mapazi awo.

"Amene anali pamphasayo ali bwanji?" anafunsa a Gemu motsitsa kwambiri.

"Ali moyo," Atate anatero.

"Basi. Anyamata ndiwauza kuti ndafika ndipo ndaona, nyama palibe. Akafuna zambiri akafunse amayi awo."

Ndinaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Koma a Gemu sanadzuke.

"Manje pali china, a Dokotala. Inu kwanu mumalemba papepala. Kuno timalemba pansi, ndipo inu mwalembapo bodza kuchokera pano mpaka kumunsi. Lero ndayenda ine. Mawa adzawerenga wina wa ku Kambombo amene sakudziwani. Bwezerani matayala."

"Ndikabwezera ititimira. Lamlungu lija ndikanamira pa zitsime pomwepa."

"Ndiye aliyense wokhala ndi njati pamutu aziti ndi thirakitala ya chipatala yadutsa."

"Ndiye ndizisiya anthu kumunsi chifukwa mchenga sudziwa kuwerenga bwino?"

"Mchenga umawerenga bwino. Wolemba ndiye wamanzere."

Anakangana choncho, mwaulemu koma mosagonja, mpaka Amayi anatulutsa mbaula kuti ayambe kuphika. Ndi Amayi amene anati, akukupiza moto, "Nanga akutsogolo aja? Ndi osalala ngati mutu wa khanda, salemba kanthu. Bwanji osawapatsa cholemba?"

Amuna awiriwo anayang'anana. Anadzuka n'kupita pansi pa bwemba. Popeza matayala akumbuyo anali atatalikirana, mapazi a akutsogolo ankatsala pakati osapondedwa. Atate anadandaula kuti tayala ndi lakutha, akalicheka liphulika. Anagogoda ndi sipanala mpaka anapeza m'mphepete mmene mphira inali idakali yochindikala. Kenako panabuka funso la chizindikiro. Atate ankafuna muvi. A Gemu anati muvi ndi wa kusukulu, ndipo ufanana ndi mano a akumbuyo aja, anthu asokonezeka. Nkhuku ija inadutsa pakati pawo ikusiya mapazi ake pafumbi.

"Icho," anatero a Gemu. "Ngakhale mwana woyamwa amadziwa kumene nkhuku yaloza."

Anajambula phazi la nkhuku ndi khala patayala, zala zitatu kutsogolo, kamodzi kumbuyo. Kenako anayamba kutsutsana ngati zala ziloze uku kapena uko, chifukwa chimene chili pamwamba pa tayala chimatembenuka chikafika pansi. Aliyense anali wotsimikiza, ndipo atafotokozerana, aliyense anasintha n'kutenga maganizo a mnzake. Amayi anaseka mpaka kutsokomola ndi utsi. Pomaliza ananyowetsa chojambulacho, nakankha thirakitala pang'ono, nagwada onse awiri kuyang'ana pafumbi. Atatsimikiza, Atate anawotcha mpeni wakale pambaula ya Amayi nayamba kusema. Fungo la mphira linadzaza bwalo lonse, ndipo ndiwo za tsiku limenelo zinamveka tayala.

Galimoto ya ku boma inabwera kumapeto kwa sabata. Ndinaima kuseri kwa mpanda wa sukulu ndikuiyang'ana ikutsitsa matumba a ufa kukampu. Inakhala nthawi yaitali. Pobwerera inadutsa pachipatala, ndipo inaima. Ndinagwira mpanda mpaka udzu unandicheka. Dalaivala anatsika, nalowa, natuluka ndi kapaketi ka mankhwala a dzino. Inanyamuka. Kumbuyo kwake kunali matumba opanda kanthu ndi mbuzi ya munthu wina.

Si onse anakhutira. Wogulitsa mchere uja anapitiriza kunena kuti a Dokotala ndi a Gemu anagawana mwendo wa njati. Anyamata a kukampu ankaimabe pamtsinje thirakitala ikadutsa. Mnzanga anabwerera kudzayenda nane, koma tsiku loyamba anati, "Atate akuti palibe nyama. Koma sananene kuti panali chiyani." Ndinati nanenso sindidziwa, ndipo sikunali kunama.

Ndinawafunsa Amayi kamodzi, tikuchapa kuchitsime.

"Kodi kanjira ka azimayi okhaokha kamapita kuti?"

Anasiya kuchapa. Anandiyang'ana ngati akundiyeza msinkhu.

"Unamva?"

"Ndinali ndi lichero."

"Pali maliro ena amene salira, a mwana wosaona dzuwa, ndipo amuna sapitako. Pali ndi matenda ena amene akamveka, munthu amachira thupi koma mudzi n'kumupha. Zina udzazidziwa ukakula. Manje tsukuluza malaya a atate ako."

Ndinatsukuluza. Anali malaya omwe anavula Lamlungu lija. Ndinawachapanso kachiwiri ngakhale anali atayera.

Kwa Atate sindinanene kanthu, ndipo iwo sanandifunse. Koma Loweruka lina, atamaliza kuona mpweya wa m'matayala, anandiitana.

"Ndikupita kumunsi kukabaya ana katemera. Pali malo pangolo."

Sanatengepo munthu wa m'nyumba chiyambire. Ndinakhala kumbuyo pa mphasa zabango zija, miyendo ikulendewera, bokosi la katemera ndaligwira pachifuwa. Thirakitala inatsikira mumtsinje, ikudutsa azimayi a pa zitsime. Ndinkayang'ana mchenga ukutuluka pansi pa ngolo. M'mbali munali mivi ikuluikulu yoloza kwathu, ndipo pakati, apa ndi apo, kaphazi ka nkhuku koloza kumene tinkapita.

Pansi pa mlaza paja panali azimayi ambiri ndi ana awo akudikira. Ndinadzigwira kuti ndisayang'ane mapazi a munthu aliyense. Ndinayang'ana bokosi, ndi manja a Atate. Koma mayi wina wokalamba anabwera pang'onopang'ono kudzandipatsa masawu m'chikho, ndipo ndinamva mwendo wake wamanzere ukukhwekhwereza pamchenga. Anandifunsa m'Chisenga ngati nkhuku yayamba kuikira. Ndinamva, ndipo ndinayankha m'Chisenga changa chothyokathyoka kuti yayamba, imaikira mu ambulansi.